Kadontho Kofiira ka Mlamu

Kutangoda, mwini boti anaitanira wokonza zamagetsi kushedi kumene ankasungira boti lake. Ankafuna kuti amulumikizire makina olozera njira ku laputopu, kenako afufute kadontho kofiira kamene kanatsala pamapu.

Kadonthoko anakaika yekha. Tsiku limene mlamu wake anagwera m'madzi, iye anadina batani losunga malo amene munthu wagwera, monga achitira woyendetsa aliyense. Koma boti sanalitembenuze, poti nsomba zikanavunda. Tsopano mlongo wake ankabwera m'mawa uliwonse kudzapempha kuti amulozere malowo, akavuule mtembo.

"Akuyesa mwamuna wakeyo wangokhala pomwepo kumudikira?" anatero mwini boti, akuseka.

Wokonza uja analowetsa waya, mapu n'kuoneka. Anayang'anitsitsa osaphethira.

"Bwana, timadontho totere sitisuntha. Pamene mwadina m'pomwepo."

"Nanga vuto n'chiyani?"

"Aka kakuyenda."

Kanali katachoka kale pakati pa madzi. Kanafika padoko, n'kukwera msewu mwapang'onopang'ono, ngati munthu amene zovala zamulemera. Pamphambano kanaima pang'ono, kenako kanakhotera kushedi.

"Zula wayayo," anatero mwini boti.

Wokonza anazula, koma kadontho sikanaleke kubwera. Anasiya laputopu yake pomwepo, natulukira khomo lakuseri osatsazika.

Mwini boti anamva kuzizira m'mapazi. Madzi anali kulowa pansi pa chitseko, chonsecho kunja sikunagwe mvula. Kenako wina anaodira mwaulemu.

"Odi, alamu. Ndadikira mpaka kutopa, ndiye ndangoti ndikutsatireni."