Chingwe cha Anthu Awiri

Kaputeni Brusasco anazika miyendo itatu ya makina ake oyezera pampata wa phiri, nayamba kupukuta galasi. Kumbuyo kwake kunali Celestino, mlenje wa m'mudzi mwathu, amene asilikali anamugwira kuti azimulondolera njira. Chingwe chimodzi chinawamanga onse awiri m'chiuno.

Chinali chaka cha 1917, nkhondo ili pakati. Akuluakulu a asilikali a Italy ankafuna mapu a mapiri athu a ayeziwa, ngakhale kumene kumafika ziwombankhanga zokha. Masabata atatu Celestino anamuzunguza mkuluyu ngati mbuzi yapachikhomo. Uku ayezi ngwowola, bwana. Uko kumagwa miyala. Tsikuli mabodza anali atamuthera.

Kuseri kwa mpatawo kunali kachigwa kobiriwira, mmene munkabisala anyamata khumi ndi anayi othawa usilikali. Mmodzi anali mng'ono wake wa Celestino. Wothawa akagwidwa ankangomuimika kukhoma n'kumuombera, nkhani n'kuthera pomwepo.

"Tasendera uko, ukunditchinga," anatero kaputeni.

"Kuli mitambo, bwana. Tingodzivuta."

"Mitambo ili m'mutu mwakomo."

Makina anatembenukira kuchigwa. Ndiye mukuwadziwa anyamata. Zitsiruzo zinali zitasonkha moto dzuwa lili paliwombo, utsi ukukwera chowongoka ngati ukuitana alendo.

Celestino anayang'ana phompho. Linali mapazi awiri okha kuchokera pa nsapato za kaputeni. Kudula chingwe, kukankha kamodzi, basi. Phiri silichitira munthu umboni. Dzanja linali litagwira kale mpeni m'kati mwa jekete.

Kaputeni anasuzumira m'galasi muja nthawi yaitali, osaphethira. Kenaka anatola pensulo ndi pepala la mapu. Celestino anasendera pafupi kuti aone pepalalo lisanatsikire kuphompho ndi mwini wake.

Pensulo inkalemba timizere ta ayezi. Ayezi pamsipu, ayezi pamisasa, chigwa chonse ayezi okhaokha mpaka m'mphepete mwa pepala.

"Kuno kulibe kanthu," anatero kaputeni osacheuka. "Bweza chimpeni chakocho, ungadzicheke. Ndipo ukatsikirako ukamuuze wamtali wa chipewa chofiirayo kuti nkhuni zaziwisi azisiye. Ndi mwana wanga ameneyo. Nzeru zokha ndizo anatengera kwa amalume ake."