Mpando Wotsala Pakati

"Khalani moyandikana, muziyang'anana m'maso," anatero mphunzitsi amene ankakonzekeretsa ophunzira a pakoleji kuti aziphunzitsa anzawo. "Mnzanu akalakwitsa, muuzeni pomwepo, osamunyengerera."

Zaidi anakhala, koma anasiya mpando umodzi pakati. Wophunzira amene anamupatsa kuti amuthandize anali apongozi ake enieni, mayi a mkazi wake Ummy, amene anabwerera kusukulu imvi zitayamba kale. Masamu anali atawagwetsa chaka chatha. Akalepheranso, basi, abwerera kokagulitsa usipa pamsika wa pa Boma.

Mayiwo anakankha pepala lawo ndi nsonga za zala, nkhope atalozetsa kuwindo. Zaidi analilandira ndi manja awiri. Samu imene inali papepalapo inali itasokonekera kuyambira mzere woyamba.

Zaidi anaiwerenganso samuyo. Munthu amene umamupatukira panjira, amene sudya naye mbale imodzi, ungayambire pati kumuuza kuti walakwitsa?

"Zili bwino, amayi," anatero, maso ali pansi.

"Alhamdulillah," mayiwo anapumira m'mwamba. "Ndiye pamayeso ndikachita chimodzimodzi."

Anapinda pepalalo mosamala, n'kulimanga pansonga ya chitenje kuti lisatayike.