Ngumbi Sadziwa Mawa

Padangokhala, mvula yoyamba itangozimitsa fumbi, panali Kamba amene analibe wocheza naye. Nyama zinkamuthawa asanamalize n'komwe moni.

Tsiku lina madzulo Ngumbi, atangotuluka pachulu, anagwera pamphuno pa Kamba, mapiko akuthothoka.

"Pepani agogo, ndatera pakhomo pa eni."

"Khalani pomwepo," anatero Kamba.

Macheza anakoma. Ngumbi anasimba za mdima wa m'chulu ndi mmene kuwala kunamuledzeretsera. Kamba anasimba za mkazi wake amene anapsa ndi moto wa kutchire, nkhani imene anali asanauzepo aliyense. Anaseka, analira, mpaka Kamba anamva chigoba chake kupepuka.

Kenako Ngumbi anafunsa, "Kodi mukalowetsa mutu m'chigobamo, mumaganiza chiyani?"

Zaka zonsezo palibe anamufunsapo zimenezo. Kamba anakondwa kwambiri, koma anadzigwira.

"Wodziwana naye lero sitimukhuthulira zonse. Ndikuuzani mawa."

"Mawa n'chiyani, agogo? Kwathu mawu amenewo kulibe. Nenani pompano."

"Ana inu kupupuluma. Ndati mawa."

Analowetsa mutu kuti akakonze yankho lake bwinobwino.

Kutacha anautulutsa, yankho lili pakamwa. Anangopeza mapiko anayi pamatope, nyerere zikukokera mnzakeyo kudzenje.

Mpaka lero, mvula yoyamba ikagwa, Kamba amasuzumira pachulu n'kumauza ngumbi iliyonse kuti, "Ndabwera nalo yankho lija." Zimangomudutsa. Palibe ndi imodzi yomwe imene imalidziwa funsolo.