Wapansi Sadzutsa Mutu

Nsanja ya anthu okwerana pamapewa pachikondwerero itatalika, Roser anamva kaphazi kopanda nsapato kakuponda paphewa pake. Anakadziwa. Kanali ka mwana wake Queralt, akuyamba ulendo wokwera pansonga.

Roser anali pansi, m'khamu lochirikiza nsanjayo, chifuwa chili pamsana pa mlamu wake Oriol. Apansi lamulo lawo ndi limodzi: mutu pansi. Ukasuntha pang'ono, onse a m'mwamba amagwedezeka.

Nsanja inayamba kunjenjemera. Bwalo lonse la m'tauni ya Valls linangoti zii, kumangomveka zitoliro zokha.

Khosi la Roser linayamba kudzuka lokha.

"Alamu, musayerekeze," anatero Oriol ataluma mano.

"Ndingomuona kamodzi kokha."

"Mukamuonera kunyumba. Maso anuwo amugwira akamagwa? Kankhani!"

Roser anaweramitsanso mutu, nakankha mpaka nthiti kuwawa. Kenaka zitoliro zinasintha nyimbo, anthu n'kukuwa ndi kuwomba m'manja. Mwana uja anali atakweza dzanja pamwamba penipeni, kusonyeza kuti nsanja yatheka.

Tauni yonse inamuona Queralt tsiku limenelo. Mayi ake anangoona kaulusi kothothoka pakolala ya Oriol, ndipo anakankhabe, poti mwana anali asanatsike.