Kachikopa ka a Nedson

Chala cha a Nedson chinali chitanyowa kale ndi inki pamene anachibweza.

"Tabwereza. Akufuna chiyani azunguwo?"

Tabita, mwana wa mlongo wawo, anali atagwada pakhonde, atapanikiza pepala kuti lisauluke ndi mphepo ya m'mapiri a Ntchisi. Zaka zitatu zapitazo anawadula kachikopa pamkono, kochepa ngati njere ya mapira, n'kupita nako ku labotale kumene amagwira ntchito.

"Si azungu okha, amalume, nanenso ndilimo. Tinapeza njira yobwezera maselo a khungu lanu kuti akhale ngati a khanda, otha kusanduka mtima kapena chiwindi. Ofesi yopereka umwini wa nzeru zatsopano ikufuna umboni woti munavomera. Mukapanda kudinda pofika Lachisanu, pempho lathu alitaya."

"Ndiye kachikopako kakadali moyo?"

"Eya, m'botolo."

"Nanga ine ndikafa?"

Tabita anayang'ana pansi. "Kadzakhalabe."

Moyo wawo wonse a Nedson sanasiyepo tsitsi kapena chikhadabo pabwalo. Ankakwirira okha kuseri kwa chigafa cha fodya, poopa anthu a mitima yoipa. Koma wowatenga mnofu sanachokere kutali, anali mwana yemwe anamuphunzitsa ndi ndalama za fodya wawo.

A Nedson anakoka pepala lija n'kudindapo mwamphamvu.

"Adzukulu sadzakwirira munthu wosakwanira," anatero osamuyang'ana. "Tsiku la maliro anga udzabwere ndi botololo. Likadzakukanika, iwenso usadzabwere."