Chipewa cha M'nyuzipepala

Pamene Mayi Tcheya ankalowa mu ofesi ya ahedi, mwamuna amene anagwidwa pampanda wa sukulu anali atamangidwa kale pampando ndi chingwe cha belu. Chipewa chake chinali patebulo ngati mfuti yolandidwa.

Mtima wa mayiwa, wapampando wa komiti ya makolo, unkachita kuvina. Chithunzi cha chigawengacho ankachidziwa kuposa cha ukwati wawo. Nyuzipepala ikangolemba za mwana wochitidwa nkhanza, pamwamba pankakhala munthu yemweyo: wofulatira, ataima pampanda, phewa lakumanzere lotsika, chipewa chachikulu kumutu. Nkhaniyo sankaiwerenga. Zilembo zinali zing'onozing'ono, ndipo kwa iwo chithunzi chinkanena zonse.

Mantha awo anali enieni, poti ana awo atatu ankaphunzira pasukulu yomweyo. Ndi iwo amene anaizunguza mutu khonsolo mpaka inaika lamulo loti mwamuna wovala chipewa asayandikire mpanda wa sukulu. Ogulitsa zipewa anayamba kugulitsa maambulera. Amuna a dazi anapsa mitu osadandaula. Ngakhale chipewa cha amuna awo omwe, bambo wofatsa wa pakampani yolondera, wotumizidwa pageti ili lero, pa lina mawa, anachiponya pamoto kuti pakhomo pawo pakhale chitsanzo.

Lero bambowo ndi amene anapatsidwa nsonga ya chingwe kuti agwire. Anaima pakona atatsamiritsa phewa kukhoma, maso pansi, thukuta lili kamukamu.

Womangidwayo ankalira kuti iye ndi pulambala, anachita kuitanidwa kudzakonza mpope wa kuchimbudzi, chipewacho n'cha dzuwa basi. Ahedi, amene anamuitanawo, anayamba kuwerenga malata kudenga. Mayi Tcheya anati zigawenga zonse zimayenda ndi sipanala, ndipo analamula kuti asapite naye kupolisi mpaka anyuzi amujambule kaye, dziko lione kuti amayi sagona.

Wojambula wa nyuzipepala ija anafika, mtsikana wa kamera m'khosi. Anayang'ana pulambala, anayang'ana chithunzi chimene mayiwo anachita kudula ndi lumo m'nyuzipepala nkubwera nacho, nkupukusa mutu.

"Mayi, ichi n'chongoyerekeza," anatero. "Nkhope za ana ndi za oganiziridwa sitionetsa. Komanso mukanawerenga m'munsimu, mukanaona kuti ambiri si anthu a pampanda ayi. Ndi anthu amene mwanayo amawadziwa, amene mumawapatsa moni tsiku ndi tsiku, ndipo zipewa alibe."

Pulambala anapempha mwaulemu kuti wina amukande pamphuno.

Manyazi anawagwira Mayi Tcheya, koma kugonja sinali ntchito yawo. Anagogoda chithunzicho ndi chala.

"Nanga wa apayu ndani? Munthu wabwinobwino saima chonchi. Mutiuze, timupeze, ndikamukoke ndekha ndi khutu."

"Ameneyo ndi wosalakwa, mayi. Tinangopempha mlonda amene anali pageti pathu tsiku limenelo kuti afulatire, tinamugulira botolo la chakumwa."

Pakona paja chingwe chinagwa pansi. Mtsikanayo anatembenuka, nkhope yake nkuwala.

"Aa, si awa! Muli bwanji bambo? Chipewa chija mukadali nacho? Akonzi akufuna chithunzi chatsopano."