Dzanja Lamanzere la M'vidiyo

Panali mayi wina amene ntchito yake inali yokonza mavidiyo a maphunziro a pa intaneti pa yunivesite ina. Tsiku lina akuonera vidiyo ya masamu imene anamubweretsera, anaona kuti dzanja lolemba papepala linali lamanzere, ndipo chala chaching'ono chinali chopindika. Anaimitsa vidiyoyo. Mwini wake anali pambali pake, akusaina fomu ndi dzanja lamanja.

Mwini wakeyo anali mphunzitsi amene anzake ankawatchula kuti a Mawamawa, chifukwa chilichonse ankati achita mawa. Anapatsidwa miyezi itatu kuti ajambule mavidiyo khumi ndi awiri, koma sabata yomaliza inawapeza alibe ngakhale imodzi. Ndiye anakumbukira mnzawo wa mu ofesi imodzi amene anamwalira chaka chapitacho. Malemuyo ankajambula maphunziro kunyumba, kamera italoza patebulo, moti nkhope sinkaoneka, koma dzanja ndi pepala basi. Anadwala asanawapereke.

A Mawamawa anapita kwa mkazi wa malemu nkumuuza kuti mu laputopu ya mwamuna wake munatsalira malikisi a ophunzira. Mayiyo anaitulutsa m'kabati itakulungidwa m'nsalu.

"Tengani alamu, inu si mlendo. Ine ngakhale kuitsegula sindinayerekeze."

A Mawamawa anakopera mavidiyo onse, nkuwafufuta mu laputopumo kuti pasatsale umboni. Kenako anachotsa mawu a malemu nkuikapo awo.

Mayi wokonza mavidiyo uja anadikira kuti amalize kusaina, ndipo anafunsa motsitsa mawu ngati dzanjalo linali lawo. A Mawamawa anaseka, nkuti kamera ya foni imatembenuza zinthu ngati galasi. Mayiyo anati ikanatembenuza dzanja ikanatembenuzanso manambala. Anati chalacho akuchidziwa, ndi cha malemu, chinkagogoda patebulo lake lomwelo. Anawapempha kuti abwerere kwa mkazi wa malemu akanene zoona, abwezeretse mawu, dzina la malemu lilembedwe koyambirira kwa vidiyo iliyonse.

"Inu ntchito yanu ndi kudula," anatero a Mawamawa. "Ana asukulu amayang'ana manambala, sayang'ana zala."

Mayiyo anakana kukhudza mavidiyowo. A Mawamawa anawaika okha patsamba la kosi, ndipo tsiku lomwelo anafufuta mu kompyuta yawo mavidiyo oyambirira aja, a mawu a malemu.

Masabata asanu ndi limodzi zinthu zinayenda. Mkulu wa dipatimenti anawayamikira pamsonkhano, anzawo nkumanyoza kuti mawa lafika tsopano. Kenako pansi pa vidiyo yachisanu ndi chiwiri panabwera funso la wophunzira wina. Patsambapo pankaoneka nambala yake yokha, osati dzina.

"Aphunzitsi, pa mphindi 14 akutsokomola ndani?"

A Mawamawa anavala mahedifoni nkumvetsera. Pamene iwo anapumira polankhula, panatsalira kachidutswa ka mawu akale. Munthu ankatsokomola kuchokera pansi pachifuwa. Chapatali chitseko chinatseguka, mwana wamkazi nkunena kuti, "Ababa, mankhwala."

Anadula kachidutswako, nkufufuta funsolo. M'mawa mwake nambala ija inalembanso kuti mwadula, koma ndinali nditasunga kale. Tsiku lotsatira inalemba kuti pepala la mu vidiyo yachisanu ndi chinayi lili kwathu, pakona pake padathera tiyi.

Apa mpamene a Mawamawa anatsegula kaundula wa ophunzira mazana anayi, amene anali asanamuwerengepo. Nambalayo inali ya mwana wamkazi wa malemu, yemwe uja anamugwira paphewa pamaliro nkumulonjeza kuti bambo ako tsopano ndine.

Anaimbira mkazi wa malemu katatu, sanayankhe. Masana anapita kunyumbako. Anatsegula chitseko ndi mtsikanayo, koma sanawapatse mpando. Kumbuyo kwake mayi ake anali atakhala moyang'ana laputopu ija. Mu vidiyo ya patsamba la kosi, dzanja lamanzere linkalemba pang'onopang'ono, mawu atatsekedwa. Mayiyo sanatembenuke.

"Amaonera tsiku lililonse," anatero mtsikanayo. "Mawu anu sakuwafuna. Za sukulu tisiye, ankolo. Mawu a bambo anga mwawaika kuti?"

A Mawamawa anati akayang'ana mawa.

"Ali mu kompyuta yanu?"

A Mawamawa anayang'ana kumbali. Mtsikanayo anawayang'ana nthawi yaitali, nkumvetsa kuti anawafufuta. Pa mavidiyo khumi ndi awiri, mawu a bambo ake amene anatsala padziko anali kutsokomola kuja basi. Anatseka chitseko mosamenyetsa.

M'mawa mwake a Mawamawa anaitanidwa m'chipinda cha misonkhano. Munali mkulu wa dipatimenti, mayi wokonza mavidiyo, ndi mtsikana uja atanyamula pepala lothera tiyi. Vidiyo yachisanu ndi chinayi inkaoneka pakhoma. Mkuluyo anawapatsa pepala ndi cholembera, nkuwauza kuti alembe samu yomweyo ndi dzanja lomwelo. Anagwira cholembera kumanzere, nkulemba nambala imodzi yokhotakhota, kenako anachiika pansi. Pofika teni koloko kiyi wa ofesi yawo anali kwa sekilitale. Mavidiyo anabwerera patsamba ali ndi dzina la malemu, opanda mawu.

Phunziro: Ntchito ya mnzako ndi yake ngakhale atagona, ndipo abale ake amaizindikira pa kanthu kamene iwe sunakaganizire. Ukachedwa ndi ntchito, vomera kuti wachedwa. Ukafuna ya wina, pempha ndipo utchule dzina lake. Usafufute chimene sunapange, chifukwa mwina ndi chokhacho chimene ana ake anatsala nacho. Tumizani nkhaniyi kwa aphunzitsi, ophunzira ndi onse amene amasunga mafayilo a anzawo.